Supu Wokafikitsa Che Salumu ku Lirangwe

Mayfair, Joni
2 Juni 2024

Okondedwa Abiti Hakimu, amake Tahira,

Salaamu aleikumu. Muli bwanji kumeneko, inu ndi ana ndi zidzukulu, ndi mbuzi ija imandida? Ine ndili bwino, Alihamudulillahi, kungoti kuno kwazizira moti m'mawa ndikamalankhula m'kamwa mumatuluka utsi, ndipo a shehe andifunsa kale kawiri ngati ndayamba fodya. Madzi a m'ndowa amagona ali madzi n'kudzuka ali mwala. Kuzizira kwa ku Lirangwe kumene mumadandaula nako kuja ndi masewera.

Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati nthawi ija ndinkakufunsirani. Foni ili kwa Tahira, ndipo Tahira akamamvera uthenga amakweza mawu mpaka a kumsika amayankhira. Nkhani iyi ndi yanu nokha. Ndapatsira Che Lajabu, kondakitala wa basi ya ku Blantyre. Akamadutsa pa Lirangwe azisiya makalata pagolosale ya pasiteji. Muvale magalasi aja, muwerenge nokha.

Achimwene anu Che Salumu sali bwino. Pafoni tinkati ndi chifuwa cha mphepo. Si chifuwa. Kuyambira Epulo nsima ikumaima pakhosi, kenako mpunga, tsopano ngakhale buledi woviika mu tiyi amayamba wakambirana naye. Ndapita nawo kuchipatala katatu. Anawalowetsa kachingwe ka nyali kukhosi n'kupeza chotupa. Dokotala analankhula zambiri, koma pomaliza anandifunsa ngati bamboyu ali ndi kwawo. Ndinu wamkulu, mwamva.

Titabwerako alamu anandigwira malaya. Mukuwadziwa, zaka makumi atatu ndi zisanu sanandipemphepo kanthu, iwo mwini mbumba, ine mkamwini wa ku Kuntaja wobwera ndi mphasa pamutu. Anati ife Asilamu sitigoneka maliro, ukatha m'mawa madzulo uli pansi, ndiye akathera kuno agona pakati pa anthu osawadziwa. Akufuna ku Lirangwe, pafupi ndi amayi anu. Ndinawauza kuti akagona kumene akufuna, bola asiye kukoka malayawo, abwino ndi omwewo.

Vuto nali. Che Lajabu akuti eni basi analetsa kunyamula odwala kwambiri, chifukwa chaka chatha wina anathera panjira, basi n'kuima paboda masiku awiri. Munthu akwere yekha masitepe, ndipo paboda iliyonse atsike, aime pamzere ndi pasipoti yake m'manja. Lero lino alamu sangafike ngakhale pageti. Tapangana za kumapeto kwa Julaye. Ndiye kuti ndili ndi masabata asanu ndi atatu oti ndinenepetse munthu wosameza.

Koma nzeru ndaiona. Kumene ndimasamala maluwa kuja, nyengo ino madamu amaphika supu wina wolemera, woyera ngati phala la mkaka, wa mbatatesi ndi chimanga. Fungo lake limandilondola mpaka kumpanda. Chinthucho sichifuna mano, chimangotsetsereka. Ndikachipeza basi.

Chimanga chithiridwe mankhwala anankafumbwe asanaitanitse msonkhano. Kachipinda kakum'mawa mutulutsemo matumba, muzire bwino. Akazi awo a Maliyamu ku Chigaru musawauze kaye, alamu akana.

Ndine amuna anu, okongola ngati kale,
Fikirini


13 Juni

Amake Tahira,

Moni wambiri. Ndikhulupirira miyendo ija yasiya kutupa. Ine ndilipo, mphuno yokha ndi imene ikugwira ovataimu. Che Lajabu andiuza kuti mutawerenga kalata munakhala pakhonde la golosale mpaka basi ina kudutsa. Pepani, mayi. Nanga ndikanauza ndani?

Tsopano mverani zimene amuna anu achita. Ndinawauza madamu kuti m'bale wanga akudwala, iwo n'kundidzazira supu uja m'kachigubu ka majarini. Ndinakabisa m'jekete, mu takisi anthu n'kumayang'anana kuti akununkhira bwino ndani. Ndinatenthetsa, alamu anameza supuni yoyamba, inapita. Yachiwiri, inapita. Pa yachitatu anaona kanthu kofiirira kakuyandama, n'kufunsa kuti n'chiyani. Ndinati karoti. Anati karoti wa mafuta sanamuonepo.

M'mawa mwake ndinakafunsa. Madamu anagwira pakamwa. Supu wawo amayamba ndi kukazinga nyama yowamba ya chinyama chija sititchula. Mulungu ndi mboni, ine sindinadziwe, ndipo panjira ndinali nditanyambitako kanayi.

Masiku atatu alamu anayang'ana kukhoma. Anatsuka m'kamwa mpaka sopo kuchepa. Akuti ndikufuna akaonekere kwa Mwini wake ali ndi haramu m'mimba. Ngakhale madzi a m'manja mwanga anakana. Ndinakatenga a shehe, iwo n'kufotokoza kuti wosadziwa alibe tchimo, makamaka wodwala. Alamu anamvera mwaulemu, a shehe atatuluka anagamula mlandu okha: chochokera kukhitchini ija chisalowenso muno. Ngati pali supu, aphikidwe pamaso pawo, mu poto watsopano, ndi manja anga.

Manja anga, amake Tahira. Inu mukudziwa kuti kukhitchini kwanu ndinkalowako pokaba mkute basi. Kuno zaka zisanu ndi zinayi wophika anali Che Salumu, ine nduna ya zotsuka mbale.

Kupempha mzimayi kuti andiphunzitse kuphika kunandichititsa manyazi, ndiye ndinapeza ntchito pa kamtengo ka pawindo la khitchini. Ndinakasadza Lolemba, ndinakasadza Lachiwiri, Lachitatu kanatsala ndodo. Madamu anatsegula windo n'kundiuza kuti ndivule jombo, ndilowe mtengo usanathe. Anandipatsa pensulo.

Ndalemba chonchi. Majarini mu poto, moto wochepa. Anyezi afewe koma asapse, asafiire n'komwe. Karoti wodula ting'onoting'ono. Masupuni awiri a fulawa, kutakasa msanga. Madzi ndi mchere. Mbatatesi zoduladula ngati zala za mwana. Zikafewa, theka uzitibule momwemo kuti supu agwirane, theka zitsale. Kenako chimanga chachiwisi chokokola. Pomaliza uchepetse moto, uthire mkaka ndi kirimu, ndiye mafuta a pamwamba pa mkaka amene kuno amagulitsa padera. Anabwereza katatu kuti mkaka ukalowa supu asawirenso, ndipo ndisawonjezere za m'mutu mwanga. Ndinagwedeza mutu ngati mwana wa Sitandade 1.

Kabotolo ka kirimu mtengo wake ndi nkhuku yathunthu pa Lirangwe. Karoti ndi anyezi ndikutenga m'dimba la madamu. Si kuba, ndi kupatulira, ndinadzala ndine.

Nandolo wa kumunda wa kumtunda azionedwa, mbuzi za eni ake sizidziwa malire.

Wanu wophika watsopano,
Fikirini


24 Juni

Abiti Hakimu,

Salaamu. Idi munadya bwanji? Ife tinadyera m'nyumba. Anansi anabweretsa nyama ya mbuzi, alamu anainunkhiza n'kundipatsa. Ndinaidyera panja kuti asamve kutafuna.

Poto ndinagula, ndinamuonetsa kwa bwana mkubwa Che Salumu ali ndi pepala lake la kusitolo. Lachiwiri ndinayatsa pulayimasi pakati pa chipinda, alamu atakhala pabedi m'mabulangete awiri ngati kapitawo wa pamsewu. Anyezi ndadula zazikulu, akuti. Mpeni ndagwira ngati chikwanje, akuti. Zonse zinayenda bwino mpaka mbatatesi kufewa. Apo ndinayang'ana mu poto, iwonso anasuzumira, tonse n'kuona chinthu chimodzi: mulibe tomato.

Tandiuzani inu, ndi dziko liti limene munthu amaphika cha mu poto chopanda tomato? Alamu anati mzungu waiwala, ndi ukalamba. Kwa nthawi yoyamba chikwatirireni inu, ine ndi achimwene anu tinagwirizana. Ndinadulira atatu akuluakulu, akupsa bwino. Kenako ndinathira mkaka ndi nkhuku yanga ya m'botolo ija.

Mayi, supu anapatukana ngati banja la pa khoti. Madzi kwawo, timibulu toyera kwawo. Chambiko si chambiko, laimu wonyowa si laimu. Alamu anagona chagada n'kunena kuti iwo anangotchula tomato mmodzi. Kutaya sindikanatha, ndiye ndinadya ndekha masiku awiri. Musandifunse.

Madamu atamva anaseka mpaka kukhala pansi. Akuti tomato ndi mkaka ndi mitala, nyumba imodzi sakhalamo.

Lachisanu ndinabwereza, za m'mutu mwanga ndinazisiya panja ndi nsapato. Anatuluka bwino, wosalala, wogwira kumsana kwa supuni. Makoko a chimanga okha ankawatsamwitsa, ndiye ndinapitiriza zonse pa sefa, kukanikiza ndi chipande mpaka m'manja kupweteka. Anameza masupuni asanu ndi anayi. Loweruka theka la kapu. Ndinavina sikiri pang'ono, bondo n'kundikumbutsa zaka zanga.

Koma chimwemwe cha mkamwini sichigona m'nyumba. Mimba ya achimwene anu siidziwa mkaka, anasiyana nawo tsiku limene amayi anu anawaletsa kuyamwa. Kuyambira Loweruka madzulo akhala akuyenda ulendo wa kuseri, ndipo chimbudzi chathu chili panja, pamphepo. Dzulo m'mawa anachedwa kubwerako. Ndinawapeza atakhala pansi pafupi ndi chitseko. Akuti amaona nyerere. Ndinakhala nawo pansi pomwepo, tinaona nyerere limodzi mpaka miyendo yawo inavomera.

Kamphamvu kamene tinapeza kapita ndi madzi. Ndayesa supu wopanda mkaka, koma ndi madzi otentha ovala mbatatesi, munthu sangakwere nawo basi. Pakufunika chinthu cha mafuta, chosalala, chimene mimbayo ingachilandire ngati m'bale wake. Mutu wanga wafika pamapeto a msewu. Inu munakula nawo. Ankati akadwala ali mwana, amayi anu ankawapatsa chiyani? Muyankhe ndi basi yomweyi, musadikire kuti mupeze pepala labwino.

Masabata atsala asanu. Sindinagonje, ndangokhala pansi kuti ndione nyerere.

Fikirini


7 Julaye

Okondedwa amake Tahira,

Moni kwa nonse. Ndili bwino, ndipo lero ndikunena zoona.

Katundu wafika: nsinjiro zosefa kawiri m'chitenje chanu chakale, ndi kalata ya mizere inayi. Mzere woyamba ndauwerenga kakhumi. Akuti, "Mwadutsa maiko atatu kukaphunzira futali kwa mzungu." Amake Tahira, munthu amene wavutika ndi pensulo samuyankha choncho. Futali ndi futali, uyu ndi supu wa m'buku. Komabe poti ndine munthu womvera, ndinachita monga munanenera.

Chiyambi ndasunga cha madamu: majarini, anyezi wofewa osapsa, karoti, kafulawa pang'ono. Pa mbatatesi ndinawonjezera mbatata ya kholowa ndi dzungu la kuno lija lalitali khosi. Zitafewa ndinatibula zonse, osasiyako theka. Nsinjiro ndinasungunula kaye m'madzi ozizira kuti zisachite mibulu, n'kuthira, n'kusiya poto osavundikira. Munati ndisamalowetsemo mthiko pafupipafupi ngati munthu wofuna ndalama yotayika, ndidikire mpaka thovu litsike ndi fungo la uwisi lithe. Ndinakhala pa manja anga. Chimanga ndinasinja padera m'kapu ndi botolo, n'kufinyira madzi ake oyera okhawo. Mkaka ndauchotsa ntchito.

Anatuluka wachikasu, wonona, akuchita phwa, phwa pang'onopang'ono. Mawindo anachita nthunzi, chipinda chinafunda koyamba chiyambireni Juni. Mzimbabwe wa chipinda chinacho anagogoda kudzabwereka machesi ali ndi machesi m'manja.

Alamu anali atayang'ana kukhoma. Sindinawaitane. Anatembenuka okha, mphuno patsogolo. Ndinawapatsa kapu, anaigwira ndi manja awiri, anamwa pang'ono n'kudikira kuti aone ngati pakhosi pavomera. Panavomera. Anamwanso. Anamaliza kapu yonse maso ali kuchitseko, ngati kuti wina alowa. Ine ndinapeza ntchito yopukuta pulayimasi.

Patapita nthawi anati, "Mchere wachepa."

Ndinati zikomo bwana.

"Amayi ankaponyamo katsabola kamodzi kathunthu, osakaswa." Anandipatsa kapu ija. "Watsala?"

Mimba yakhala chete sabata yathunthu. Tsopano akumwa kasanu pa tsiku. Ndimaphika m'mawa ndisanapite kuntchito, n'kuwasiyira m'fulasiki pafupi ndi bedi. Lachitatu tinayenda mpaka pageti. Dzulo tinafika pa mtengo wa magetsi wa pakona, iwo akunditukwana njira yonse kuti ndikuyenda ngati ndaperekeza mkwatibwi. Munthu akayamba kutukwana ndiye kuti magazi abwerera.

Mutumizenso nsinjiro, zimenezi zitha Lachisanu. Mtedza ukhale wa chalimbana, musatenge wa pamsika wosadziwika mwini wake.

Kuntchito kwabwera mwana wa madamu wa ku Kepi. Amakonda mafunso mnyamatayo, zaka zanga, mapepala anga, chifukwa chimene karoti akuchepera. Za zimenezo tidzakamba tsiku lina.

Ndine wanu, mwini futali wa m'buku,
Fikirini


17 Julaye

Amake Tahira,

Salaamu. Tilipo. Nsinjiro zafika, zikomo.

Sabata ino yatipanda. Mpopi wa panja unauma ndi chisanu mpaka dzuwa kukwera. Komanso mumsewu mwathu munadutsa anthu oimba, onyamula ndodo, ofunsa mapepala khomo ndi khomo. Masiku awiri sitinatsegule chitseko, masitolo onse otseka. Musade nkhawa, mwaona nokha kuti dzanja likulemba. Ndinaphika ndi zimene zinalipo, mbatatesi ziwiri ndi theka la dzungu, ine n'kumanena kuti ndakhuta fungo.

Njira ya pakhosi yachepanso. Supu amene ankadutsa sabata yatha tsopano akubwerera. Ndikumusungunula ndi madzi otentha n'kumusefa pa kansalu koyera. Kuti mphamvu isachepe ndikuwonjezera nsinjiro, kamafuta, ndi dzira lomenya. Kapu yathunthu sakutha, ndiye ndikuwapatsa masupuni asanu pa ola lililonse, kuyambira swala ya m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Kuti zimenezi zitheke ndawauza madamu kuti sindibwera masabata awiri. Iwo anandipatsa fulasiki yawo yaikulu, yatsopano, ili m'katoni. Mwana wawo ananena mawu ena pageti. Asiyeni.

Lamulungu Che Lajabu anabwera kudzaona yekha. Anapereka moni, anakhala pang'ono, kenako anandikokera panja. Anati malume, musandiphe ntchito, awa sangadutse Beitbridge. Ndinamufunsa ngati basi yanyamuka. Anati ayi. Ndinati ndiye ukuweruza mbewu ili m'munda, udzaone pa 28. Wavomera, koma akuti alamu akadzagwiridwa ndi munthu pokwera, awatsitsa pomwepo eni basi akuona.

Alamu anamva zonse, khoma lathu ndi lamalata. Nditalowa anati, "Alamu, musiye. Dothi ndi dothi."

Ndinawauza kuti anachedwa. Ndinadya supu wa tomato masiku awiri chifukwa cha iwo, ndiye dothi la kuno aliiwale. Ndinawapatsa supuni. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsegula pakamwa.

Ndinapita kukayeza masitepe a basi ndi chingwe. Alipo anayi, loyamba ndi lalitali mpaka bondo langa. Ndabwereka makreti a zakumwa kwa Msomali wa golosale ya pakona, ndawamanga ndi waya kukhoma. Tikukwera kawiri m'mawa, kawiri masana. Lero afika lachitatu n'kukhala pansi. Mawa lachinayi, inshaallah.

Tsopano a Maliyamu auzidwe. Mupite nokha ku Chigaru, osatuma mwana, osaimba foni. Muwauze kuti amuna awo akubwera, ndipo akubwera ochepa thupi, asadzalire pasiteji.

Fikirini


Park Station
28 Julaye

Abiti Hakimu,

Moni. Ndikulemba pabondo, basi ikupakira katundu, ndiye zilembo zikapendama musanene kuti ndi ukalamba. Kalata iyi sindipatsa Che Lajabu. Ndiiika m'thumba la jekete la achimwene anu. Ngati mukuiwerenga, mwaitenga kwa mwini thumba.

Tinafika m'mawa ndithu, mphepo ikudula makutu. Ndinawaveka mathalauza awiri, majuzi atatu ndi jekete langa, moti anaoneka ngati munthu wa bizinesi. Ndinawamwetsa masupuni khumi tili pabenchi. Pakhomo la basi panaima Che Lajabu ndi bwana wa matikiti, wamimba, wa maso ngati a sing'anga.

Sitepe loyamba anakwera. Lachiwiri anakwera. Pa lachitatu anaima. Dzanja lili pa chitsulo, mutu pansi. Anthu pambuyo anayamba kung'ung'udza. Bwana wa matikiti anayang'ana Che Lajabu. Manja anga anafuna kupita okha, ndinawatsekera m'matumba.

Ndiye ndinakweza mawu kuti onse amve. Ndinati palibe vuto, atsike, tikitiyo ndikwerera ine. Ndikafika ku Lirangwe ndikakhala pampando wawo wa ndalema, ndikagawa dimba la kumtsinje, ndipo milandu ya mbumba yonse azikaweruza ndine, mkamwini wa ku Kuntaja. Mango a boloma aja ndikagulitsa mtengo wonse kwa ocheka matabwa.

Anatembenuza khosi pang'onopang'ono.

"Iwe?"

Amake Tahira, zaka zonsezi sananditchulepo iwe. Ndinati inde, ine.

"Ndikadali moyo?"

Lachitatu ndi lachinayi sindinaone mmene anapondera. Ndinangoona ali m'kati, akupuma ngati mvukuto, akundiloza chala pawindo. Bwana wa matikiti anati madala awa ali ndi ukali, n'kuitana wotsatira. Che Lajabu anayang'ana kumwamba.

Tsopano mverani bwino. Ali ndi mafulasiki awiri. Yaing'ono amwe lero, yaikulu mawa. Ndamuuza Che Lajabu kuti akadutsa Tete ayambe wanunkhiza, kutentha kwa kumeneko kumasasitsa nsinjiro. Ikasasa ataye, awapatse tiyi wa shuga wambiri. Paboda aziwatsitsa oyamba kuti aime kutsogolo kwa mzere. Mayi wina wa ku Madziabango amene wakhala nawo mpando umodzi walonjeza kuwerenga masupuni.

Akafika musawaikire nsima, ngakhale apemphe, ngakhale alendo anene kuti munthu wobwera ku Joni salandiridwa ndi phala. Idzaima pakhosi, mudzaona zoopsa. Muphike monga mudziwira, koma musefe pa nsalu, achite kuyenderera pa supuni. Wofunda, osati wotentha. Pang'ono pang'ono, ola lililonse, atakhala tsonga. Akakana muwauze kuti ndili m'njira kudzatenga mpando. Tomato asayandikire.

Injini yalira. Ine ndibwerera ku chipinda. Za ntchito ndikaona mawa ngati geti likanditsegukire.

Ndathamanga,
Fikirini


25 Ogasiti

Amake Tahira,

Salaamu aleikumu. Kwa Mulungu tinachokera, kwa Iye tidzabwerera. Pepani, mayi anga. Mupepesenso a Maliyamu ndi mbumba yonse. Ine thupi lili bwino.

Pafoni Lachinayi sindinathe kulankhula, munamva nokha. Tahira anayesetsa, anandiuza zonse. Akuti achimwene anu anatsika okha pa Lirangwe n'kukana njinga. Akuti masiku makumi awiri ndi anayi anakhala pakhonde, anaona dimba, anaweruza mlandu wa mbuzi, anaswali Ijuma katatu mumzikiti wa kwawo. Akuti anagona pafupi ndi amayi anu dzuwa lisanapendeke, atanyamulidwa ndi anthu owadziwa dzina. Kuno a shehe anachita dua yowapempherera, anthu anadzaza chipinda mpaka panja.

Geti lija linatseguka, koma kwa masiku awiri okha pa sabata. Zikwanira tikiti. Pa sadaka ya masiku makumi anayi ndidzakhalapo, ndipo ndikubwera ndi katundu yense. Poto ndi wanga, musadzamusakanize ndi anu.

Tsono za mawu amene anasiya aja. Tahira akuti anaitanitsa akuluakulu a mbumba n'kulamula kuti tsiku langa likadzafika ndisadzapite ku Kuntaja monga achitira akamwini, ndidzagone ku Lirangwe, pambali pawo. Ndinamuuza Tahira abwereze kawiri, ndinkayesa netiweki. Kenako ndinatuluka panja pang'ono.

Muwauze akuluakuluwo kuti ndamva, ndipo ndavomera ndi manja awiri. Koma malowo angoikapo mwala, asafulumire kulambula. Munthu uja ndagona naye chipinda chimodzi zaka zisanu ndi zinayi, mkonono wake ndikuudziwa. Ndiyambe ndapumulako kwa inu.

Ndine amuna anu, ndikubwera,
Fikirini